Kuchotsa mchenga wokwechera wobisala m'timaenje ta miyala

Mukatsegula mgolo wozungulira wosalazira miyala pakatha masiku 7 a mchenga wa 60/90 (mchenga wokwechera wa njere zikuluzikulu, wa gawo loyamba), musalole miyala iume. Kuno ku Tete dzuwa limaumitsa matope otuwa otuluka mu mgolomo m'mphindi zochepa, ndipo akauma m'kadzenje amalimba ngati simenti. Khuthulirani miyala m'ndowa ya madzi pompopompo.

Miyala yonga agate (mwala wolimba wa mizere yamitundumitundu) ndi timiyala ta mu Zambezi nthawi zambiri imakhala ndi timaenje ndi ming'alu. M'menemo ndi momwe silicon carbide, yemwe ndi mchenga wokwecherawo, amabisala. Kanjere kamodzi kakatuluka pa gawo la mchenga wosalala wa 500 kapena popukuta ndi ufa wowalitsa wa aluminium oxide, kamakanda miyala yonse, ntchito ya masabata atatu n'kuwonongeka.

Tsukani mwala uliwonse pawokha ndi mswachi wakale ndi sopo, uli m'madzi. Kadzenje kakuya kapopereni madzi mwamphamvu ndi sirinji. Zikakanika, tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano. Musatokose ndi singano, imasiya mizere yachitsulo pamwala. Kenako bwezerani miyala mu mgolo wotsuka bwino, thirani madzi ndi supuni imodzi ya sopo wopala, uzungulire maola awiri kapena atatu. Madzi akatuluka otuwa, bwerezani.

Unikani mwala uliwonse ndi tochi mutaupukuta madzi: kadontho kakuda kothwanima ndi mchenga umene watsala. Mwala wotere musaupititse patsogolo, ubwerere ku 60/90 mpaka dzenjelo lithe, kapena muupatule ndithu. Chivundikiro ndi m'mphepete mwa mgolo muzikwechanso. Matopewo musathire m'sinki, amatseka mapaipi; tayani kudzala.