Kabichi akuchita chikasu mu shedi? Yezani mpweya wa nthochi zija

Alimi anzanga, makamaka inu a m'makopaletivu amene mumaunjika zokolola malo amodzi podikira galimoto, tamvani izi. Nthochi, mapeyala, mango, mapapaya ndi tomato zikayamba kupsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, suoneka ndipo ukakhala wochepa mphuno siyiumva, koma ndi umene umapsetsa zinzake zili pafupi. Agogo athu povundika nthochi m'dzenje nkufukizira utsi ankagwiritsa ntchito mpweya womwewu, poti mu utsi umapezekamo, dzina lokha ndi lomwe sankalidziwa. Azasayansi anachita kudzatsimikiza mu 1934, Richard Gane wa ku Britain atapeza kuti maapozi amautulutsa okha.

Tsono kabichi, nkhaka ndi masamba saufuna olo pang'ono. Mumapeza kabichi wabwinobwino wagona pambali pa makireti a nthochi, masamba akunja aja ayamba chikasu nkumathothoka, basi anthu nkuyamba kuloza chala mbewu kapena feteleza.

Masiku ano kuli tizipangizo ta m'manja toyezera mpweyawu. Ena ndi a batire ngati F-950 ya kampani ya Felix Instruments ya ku America, imakoka mpweya ndi kapampu nkuonetsa manambala a ethylene, carbon dioxide ndi oxygen. Otchipirako ndi timachubu tagalasi ngati ta kampani ya Dräger, mumathyola nsonga zonse ziwiri, kulowetsa mu pampu ya pamanja nkupopa, mankhwala amkati amasintha mtundu ndiye inu mumawerenga pomwe mtunduwo walekezera. Kachubu kamagwira kamodzi basi, musakasunge ati tidzayezerenso mawa.

Manambalawo ndi a ppm, kutanthauza magawo pa miliyoni. Opsetsa nthochi m'zipinda amafikitsa dala 100 mpaka 150 ppm, koma kwa masamba 1 ppm yachuluka kale.

Yezani m'mamawa musanatsegule zitseko, pakati penipeni pa makireti osati pakhomo pomwe pakupita mphepo. Pafupi pasakhale galimoto yolira, mbaula yoyaka kapena zipatso zowola zija zayamba kununkha ngati kachasu, zimenezo zimapusitsa choyezeracho nkukupatsani nambala yabodza. Lembani m'kope tsiku, nthawi ndi malo.

Kunena zoona makinawa ndi odula, mlimi payekha sindingamulimbikitse, bola gulu lisonkherane. Nambala ikakwera tulutsani zakupsa ndi zophwanyika zonse, masamba akhale chipinda chawochawo, tsegulani mawindo mpweya uziyenda, madzulo muyezenso pamalo omwe aja.