Mukalemba plugin ya QGIS, musaisiye mu laputopu yanu yokha

Ambiri a ife ogwira ntchito ya mapu tili ndi tizida tathu tobisika m'makompyuta. Wina analemba mizere ingapo ya Python yosinthira manambala a malo a mijigo kuchoka pa kayezedwe kakale ka Arc 1950 kupita pa WGS 84 yomwe GPS imagwiritsa ntchito, mu zone 36S, chigawo cha mapu momwe muli Malawi yense. Wina ali ndi kake kofananitsa mayina a midzi olembedwa mosiyanasiyana. Tizidati timayenda pa flash, ndipo mwini wake akasiya ntchito timapita naye. Chonsecho QGIS, pulogalamu yaulere yopangira mapu yomwe Gary Sherman anaiyamba mu 2002, ili ndi malo ake ogawanirana ma plugin (tizida toiwonjezera ntchito), a plugins.qgis.org, ndipo aliyense akhoza kuikapo yake kwaulere.

Musanalembe chilichonse, tsegulani Plugin Manager mu QGIS mufufuze. Kawirikawiri mupeza kuti wina ku Brazil kapena ku Italy anayamba kale zomwe mukufunazo, kungoti sizinafike pomwe inu mukufuna. Zikatero musayambe yanu. Pitani pomwe pali code yake, mulembe issue yofotokoza chimene chikusowa, mudikire yankho, kenako muchite fork (kutenga kope lanu la code yo) ndi kutumiza pull request (pempho loti mwini wake alandire zomwe mwakonza). Ine ndimaona kuti kuwonjezera mizere 30 pa plugin imene anthu akuigwiritsa kale ntchito n'kwaphindu kuposa kuyambitsa ina yofanana nayo yomwe udzaisamala wekha.

Ngati palibedi, yambani. Plugin ndi foda chabe, ndipo mafayilo awiri ndiwo osasowa: __init__.py, momwe muli classFactory yomwe QGIS imaitana poidzutsa, ndi metadata.txt. Pali ma plugin awiri okuthandizani: Plugin Builder ikupangirani chigoba chonse, ndipo Plugin Reloader ikuthandizani kuona zomwe mwasintha osatseka QGIS nthawi ndi nthawi.

Pa metadata.txt m'pamene anthu amachita ulesi, koma ndi fayilo imene imauza ena ngati angathe kugwira nanu ntchito. Dzina, version, qgisMinimumVersion, description ndi about n'zosavuta. Samalani mizere iwiri: repository ndi tracker. Repository iloze ku code yeniyeni pa GitHub kapena GitLab, yomwe munthu angaiwerenge fayilo ndi fayilo, osati ku zip yongoponyedwa pamenepo. Tracker iloze komwe anthu angakanene zovuta. Mukasiya tracker, madandaulo onse azibwera pa imelo yanu, palibe wina adzawaone, ndiye palibenso wina adzakonze. Laisensi ikhale yogwirizana ndi GPL, laisensi yolola ena kusintha code ndi kuigawa, popeza QGIS yeniyeniyo ili pa GPL, ndipo ikani fayilo ya LICENSE mufodamo. Mafayilo a binary, omwe munthu sangawawerenge ngati code, musaikemo.

Potumiza ku plugins.qgis.org mufunika OSGeo ID, akaunti yolowera pamenepo. Mangani zip yokhala ndi foda imodzi yokha, ndipo dzina la fodayo muliganizire bwino chifukwa ndi limene plugin imadziwika nalo. Kulisintha pambuyo pake kumakhala ngati mwabweretsa plugin ina. Amene amaunika ndi anthu odzipereka omwe ali ndi ntchito zawo, choncho musawakalipire ikachedwa. Ngati simunakhutire nayo, lembani experimental=True, azingoiona okhawo amene anasankha kuona zoyeserera.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya kugwirira limodzi. Mu 2018 QGIS 3 inatuluka ndi Python 3 komanso Qt5 (Qt ndi imene imapanga mawindo ndi mabatani a QGIS), ndipo ma plugin a QGIS 2 anafunika kukonzedwanso kuti ayende. Ambiri abwinobwino anatsalira pomwepo, osati chifukwa ntchitoyo inali yovuta, koma chifukwa makiyi anali ndi munthu mmodzi amene anali atapita kwina. N'chifukwa chake ndimati mukangopeza munthu amene watumiza zokonza zanzeru kangapo, mupatseni ufulu wolemba pa repository komanso wotumiza version yatsopano pa plugins.qgis.org. Musadikire tsiku limene mudzatope. Ndipo mu code yanu itanani zinthu kudzera mu qgis.PyQt osati PyQt5 mwachindunji, kuti Qt ikadzasinthanso wokonzayo asavutike.

Mukamalandira pull request, pemphani kuti iliyonse ikonze chinthu chimodzi. Yosintha mafayilo 20 nthawi imodzi palibe amaiwerenga, timangoiyang'ana n'kuisiya. Ikaninso kadeta kochepa koyesera, koma chotsanimo mayina ndi manambala a foni a anthu. Deta ya mijigo imabwera ndi mayina a makomiti a m'midzi, ndipo zimenezo si zoika poyera. Changelog, mndandanda wa zomwe zasintha mu version iliyonse, muzilemba m'mawu omveka kwa wogwiritsa ntchito, osati "zakonzedwa" basi.

Pomaliza penipeni pa code, mawu onse ooneka pa sikirini muwakulunge mu self.tr(). Mukatero amatuluka mu fayilo ya .ts, ndipo mnzanu wa kuofesi amene sadziwa Python akhoza kuitsegula mu Qt Linguist n'kumasulira mabatani onse m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, n'kukutumizirani ngati pull request yake yoyamba.