Kunyamula matumba mowerama kukuwononga misana ya alimi

M'nyengo yokolola ino, pafupifupi paliponse pamene ndafika kukaona ntchito yokweza matumba pangolo ndapeza cholakwika chimodzimodzi. Munthu amaima osapinda mawondo, n'kuwerama mpaka msana utapindika ngati uta, kenaka amakoka thumba la makilogalamu 50 modzidzimutsa n'kupotoza thupi kuti aliponye pangolo, mapazi ali pomwepo. Angapo mwa amene ndinawaona akuchita zimenezi tsopano akuyenda atagwira m'chiuno, ndipo mbewu zawo zina zikadali kumunda.

Ambiri amaganiza kuti msana ndi fupa limodzi lalitali ngati mtanda wa denga, choncho amaugwiritsa ntchito ngati mtanda. Msana wapangidwa ndi timafupa 33 tosanjikizana, ndipo timene timagwedezeka ndi 24: m'khosi muli 7, pamene pamagwira nthiti pali 12, ndipo kumunsi m'chiuno kuli 5. Totsalato tinamatirirana kumapeto kwa msana. Pakati pa timafupa togwedezekati pali timitsamiro timene madokotala amati madisiki. Kunja kwa disiki ndi kolimba, kolukana ngati chingwe, koma m'kati mwake muli zofewa zamadzimadzi. Munthu akawerama, mafupa amapana disiki kutsogolo ndipo zofewazo zimakankhidwira kumbuyo, kumene kumadutsa mitsempha yopita kumiyendo. Akawonjezera kupotoka ali ndi katundu m'manja, ulusi wakunja uja ukhoza kung'ambika, zam'kati n'kutuluka kukapanikiza mtsempha. Zimenezi zimachitika kawirikawiri pa madisiki awiri a pansi penipeni, amene amasenza kulemera konse kwa thupi lakumtunda, ndipo n'chifukwa chake ululu umayambira m'chiuno, n'kudutsa m'thako, kutsika kumbuyo kwa ntchafu mpaka kuphazi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kachiridwe kake. Fupa lili ndi mitsempha yambiri ya magazi, motero likathyoka n'kumangidwa bwino limalumikizana pakapita masabata angapo. Disiki ya munthu wamkulu ili ndi mitsempha ya magazi yochepa kwambiri, ndipo chakudya chake imachita kuyamwa pang'onopang'ono kuchokera ku mafupa oyandikana nawo, choncho ikang'ambika imachedwa kuchira.

Kuti mumvetse mphamvu imene msana umakumana nayo, gwirani khasu pafupi ndi mutu wake, kenaka muligwire kumapeto kwa mpini mutatambasula mkono. Khasu ndi lomwelo, koma dzanja limamva kulemera kosiyana. Minofu yowongola msana imakoka ili pafupi kwambiri ndi mafupa, mtunda wa masentimita pafupifupi 5 okha, pamene thumba la munthu wowerama likhoza kukhala masentimita 50 kutsogolo kwake. Minofuyo imayenera kukoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumba maulendo 10, tisanawerengere kulemera kwa mutu, chifuwa ndi manja, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa madisiki apansi aja. Bungwe la NIOSH la ku America, loona za chitetezo cha anthu pantchito, linaika makilogalamu 23 kukhala malire a katundu wonyamula munthu mmodzi zinthu zonse zili bwino, katunduyo ali pafupi ndi thupi. Thumba limene tikunenali limaposa malirewo kawiri.

Bambo wina amene ndinamuchenjeza kumayambiriro kwa nyengo ino anandiyankha kuti, "Alangizi, ine ndinayamba kusenza matumba inu musanabadwe, ndipo msana wanga sunadandaulepo." Patapita masabata awiri ndinamupeza atagona, mwendo wakumanzere utachita dzanzi. Anandiuza kuti linali thumba loyamba la tsikulo, m'mawa dzuwa lisanatuluke, ndipo anangomva kuti chinachake chaduka m'chiuno. Sindinadabwe ndi nthawiyo, popeza usiku madisiki amamwa madzi n'kufufuma, moti munthu amadzuka ali wamtali ndi sentimita imodzi kapena kuposerapo, ndipo disiki yofufuma imapanikizika kwambiri munthu akawerama atangodzuka. Bamboyo analemba anthu aganyu kuti amalize ntchito, anagulitsa gawo la zokolola kuti awalipire ndiponso kuti apeze thandizo la kuchipatala, ndipo mpaka lero sakutha kugwira khasu tsiku lonse.

Ndatopa nawo mawu akuti makolo athu ankanyamula chonchi. Ankanyamuladi, ndipo ambiri a iwo anakalamba ndi misana yowawa, kungoti sankadandaula pagulu. Chondikwiyitsa china ndi mpikisano wa anyamata wofuna kuonetsa amene angakweze thumba yekha, akuluakulu n'kumaombera m'manja. Enanso akusenzetsa matumba odzaza ana a zaka 13 kapena 14, amene mafupa awo akadali ndi chicherewecherewe kumapeto, pamalo pamene fupa limakulira, ndipo malo amenewa ndi osalimba ngati fupa lokhwima. Thupi lili nazo kale ziwalo zoyenera ntchito yolemera: fupa la ntchafu ndi lalitali ndiponso lolimba kuposa mafupa onse 206 a munthu wamkulu, mutu wake wobulungira umazungulira m'kabowo ka fupa la m'chiuno, ndipo minofu ya m'matako ndi m'ntchafu ndi ikuluikulu kuposa ya kumsana. Tikuzisiya ziwalo zimenezi n'kumakakamiza timafupa tisanu ta kumunsi kwa msana tija.

Zochita zake n'zodziwika. Thumba lodzaza linyamulidwe ndi anthu awiri, apo ayi ligawidwe pakati kapena likwezedwe pa wilibala. Liyandikireni, pindani mawondo ndi m'chiuno, likumbatireni pathupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi. Musayambe ndi katundu wolemera mutangodzuka. Msana ukawawa musagone masiku ambiri, muziyendayenda pang'ono, chifukwa ululu wambiri wotere umachepa pakapita masabata ochepa. Koma ngati mwendo ukufooka, pakati pa ntchafu pachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikukanika kutuluka kapena zikutuluka zokha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha ikapanikizika motero kwa nthawi yaitali ikhoza kuwonongekeratu.