Mmene mungachepetsere madontho akuda a dzuwa ndi ukalamba

Madonthowa amatuluka kumaso, pamapewa ndi kuseri kwa manja chifukwa dzuwa la zaka zambiri limachititsa khungu kuunjika melanin, chinthu chimene chimapatsa khungu mtundu wake, pamalo amodzi. Musanapake chilichonse, kaonetseni kwa dokotala dontho limene likukula, likusintha mtundu kapena likutuluka magazi, makamaka la kuphazi kapena pansi pa chikhadabo. Khansa ya pakhungu imatha kuyamba chonchi.

Yambani ndi sunscreen, mafuta oteteza khungu ku dzuwa, wa SPF 30 kapena kuposa (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu yake), m'mawa uliwonse. Finyirani mizere iwiri pa zala ziwiri, mupake nkhope ndi khosi, ndipo mukakhala panja bwerezani pakatha maola awiri. Popanda izi, kugula mankhwala otsatirawa n'kungotaya ndalama.

Pa mankhwala opaka ochepetsa madontho, azelaic acid wa 15 mpaka 20 peresenti amapakidwa kawiri patsiku. Tretinoin wa 0.025 peresenti ndi wa usiku wokha: kadontho kongokwana njere ya nsawawa pankhope yonse, itauma bwino. Yambani kawiri pa sabata, chifukwa khungu lakuda likanyerenyetsa n'kupsa limaderatu. Amayi oyembekezera asamukhudze. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Hydroquinone, mankhwala oyeretsa madontho, wa 4 peresenti akulembereni dokotala, miyezi itatu basi. Mukapitiriza nthawi yaitali amatha kusiya kuda kooneka ngati buluu, kotchedwa ochronosis, kovuta kuchiza. Mafuta oyeretsa a pamsika okhala ndi clobetasol, mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa kwa khungu, amapyapyalitsa khungu, asiyeni.

Kuchotsa dontho poliziziritsa ndi liquid nitrogen, mpweya wamadzi wozizira kwambiri, n'kwachangu, koma pakhungu lakuda kumatha kusiya banga loyera. Laser, makina owalitsa kuwala kwamphamvu padontho, ya mtundu wa Nd:YAG 1064 nm ndiyo yabwinoko, bola dokotala ayese kaye pakamalo kakang'ono.