Momwe mungalowere maphunziro a molecular medicine muli ku Lilongwe

Makhololo a wodwala akalowa m'makina a GeneXpert pofufuza TB, kapena magazi akamayezedwa kuti aone kuchuluka kwa kachilombo ka HIV, chomwe chikuwerengedwa ndi DNA kapena RNA, tinthu tosunga chibadwa cha kachilomboko. Kufufuza matenda pa tinthu ting'onoting'ono totere ndi mbali ya phunziro lotchedwa molecular medicine. Amene amagwira ntchitoyi nthawi zambiri si dokotala woyendera mawodi ayi, ndi munthu wa mu labotale. Makolo ofuna mwana wawo akhale dokotala adziwiretu zimenezi.

Poyamba ndi MSCE. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma limbikirani kwambiri Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Ambiri amazemba Chemistry, chonsecho ndiye msana wa phunziro lonseli.

Kenako, polemba fomu ya NCHE yofunsira malo m'mayunivesite a boma, musataye nthawi kufunafuna dzina loti molecular medicine. Sankhani digiri yomwe imakufikitsani kumeneko: Medical Laboratory Science ku KUHeS, Medical Microbiology kapena Immunology ku MUST ku Thyolo. Mukapanda kusankhidwa, dipuloma ya labotale ku Malawi College of Health Sciences konkuno ndi khomo lina. Ngati fizi ikuvuta, lembani kupempha ngongole ku HESLGB.

Gawo lomwe limasiyanitsa anthu ndi ili: lowani mu labotale musanamalize sukulu. Pa tchuthi pemphani malo ophunzirira ntchito ku Kamuzu Central Hospital kapena ku UNC Project, bungwe la kafukufuku wa zaumoyo lomwe lili ku Tidziwe Centre pachipatala chomwecho. Amenewa si malo wamba. Ku Tidziwe kunachitikira mbali ya kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kumachepetsa kupatsirana HIV ndi 96 peresenti. Kumeneko mudzaphunzira kugwira pipette (kachipangizo kotungira timadzi tochepa) mosanjenjemera, kuyendetsa PCR (njira yochulukitsira DNA kuti iyezeke) ndi kulemba chilichonse m'kaundula, chifukwa zotsatira zopanda chikalata palibe amazikhulupirira.

Mukamaliza, lembetsani ku Medical Council of Malawi. Masters ya molecular medicine yeniyeni ambiri amakaichita kunja, monga ku UK kudzera mu Commonwealth Scholarship.

Ntchito zili m'zipatala, ku Public Health Institute of Malawi (PHIM) komwe amalondola miliri ngati kolera, m'mabungwe ofufuza ngati Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, kusukulu zaukachenjede, ndi m'makampani ogulitsa makina a labotale. Za kafukufuku zambiri ndi za kontrakiti, zimadalira thandizo lakunja. Nchifukwa chake ine ndinganene kuti phunziraninso kusanthula deta pa kompyuta ndi mapulogalamu ngati R kapena Python, luso lomwe mutha kugwiritsa ntchito pulojekiti ina ikatha.