Kapekedwe ka nyimbo ya rock yonena za kusamvana ndi kusokonekera kwa maganizo

Amene mukufuna kupeka nyimbo yotere kuno ku Harare, yambani ndi mawu a anthu awiri amene akulankhulana koma sakumvana. M'makomo ena a ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kumene kuli zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, agogo amafunsa m'Chichewa, mdzukulu n'kuyankha m'Chishona. Jambulani mawu a aliyense payekha, ngakhale ndi pulogalamu yaulere ya Audacity, ndipo wofunsa azimvekera ku sipika ya kumanzere, woyankha ku ya kumanja. M'ndime yoyamba yankho lizichedwa pang'ono, koma pofika ndime yachitatu lizilowerera funso lisanathe.

Chisokonezo cha zoimbira chimafuna kuwerengera bwino, chifukwa gulu likangochita phokoso, womvera amaganiza kuti silinakonzekere. Ng'oma zigunde 12/8 (migundo 12 pa ulendo uliwonse), kagundidwe kofala m'nyimbo za mbira, pamene gitala ikubwereza kachidutswa ka 7/8 (migundo 7 pa ulendo uliwonse). Ziwirizi zimayambira pamodzi, n'kutayana, ndipo zimakumananso pakatha migundo 84, ng'oma zitazungulira maulendo 7, gitala maulendo 12. Pokumanirapo ndi pamene muyenera kuikapo mzere umodzi womveka bwino, umene wofunsa ndi woyankha aja akuunenera limodzi. Besi isagwedezeke, izingogwira noti imodzi kapena ziwiri kuti womvera akhale ndi potsamira.

Kulira kwa gitala ikayandikitsidwa ku ampulifaya kubwere kamodzi kokha, kenaka zonse zikhale chete kwa masekondi angapo.

Mawu a nyimbo ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Musamuimbe munthu wosokonekera maganizo ngati wamisala woti anthu azimuseka kapena kumuopa, koma mulole kuti alankhule yekha za kusowa tulo, za ganizo limodzi limene likungomubwerera, ndi za foni imene ikuitana iye n'kulephera kuiyankha. Anthu ovutika chonchi tili nawo pafupi: ntchito ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a maganizo, adayambitsa ku Mbare mu 2006, imaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi n'kumamvetsera anthu olemedwa ndi maganizo. Kumvetsera kotero ndiko kukufunika musanalembe mzere uliwonse. Ngati mwatenga mawu a m'bale kapena mnzanu, chotsanimo dzina ndi chilichonse chomuzindikiritsa, ndipo mumuimbire nyimboyo iye poyamba, kuti avomereze isanatuluke.