Mwana wanu akakhala kalasi imodzi ndi mnzake wosamva

Ndimasoka zovala pakhonde la nyumba imene bambo anga anatisiyira ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Iwo anachoka ku Dedza kudzafuna ntchito mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo makina amene ndimapondawa ndi awo. Mwana wanga wachitatu, mtsikana, anasiya kumva ali ndi zaka 3 atadwala matenda oumitsa khosi. Pano ali giredi 6 pasukulu imene ili ndi chipinda chapadera cha ana osamva, koma maphunziro ena ndi nthawi yopuma amakhala limodzi ndi ana akumva. Amayi angapo a ku CCAP kwathu, amene ana awo amaphunzira naye, andifunsapo tikutuluka mapemphero: "Bambo, mwana wathuyu timuuze zotani kuti azikhala bwino ndi mnzakeyo?" Pakhomo la tchalitchi munthu suyankha zokwanira, n'chifukwa chake ndati ndilembe.

Poyamba penipeni, musamuuze kuti "uzimuthandiza mnzako uja." Ndikudziwa mumanena ndi mtima wabwino, koma ndinaona kumene mawuwa amathera. Ali giredi 3, aphunzitsi anasankha mtsikana wina waulemu kwambiri kuti azimuyang'anira. Ankamunyamulira chikwama, ngati kuti chafa ndi manja osati makutu. Ankamutsegulira tsamba la buku, belu likalira n'kumukoka dzanja. Pa asembule anamuombera m'manja chifukwa cha chifundo chake. Tsiku la phwando lokumbukira kubadwa kwake anaitana theka la kalasi, mwana wanga osamuitana. Sindimuimba mlandu mwanayo. Anapatsidwa ntchito, ndipo ntchito imakhala ndi nthawi yoweruka. Mwana wanga akamamutchula kunyumba ankapanga chizindikiro cha nesi.

Mnzake weniweni anamupezera pa ndewu. Analimbirana cholembera chofiira ndi mtsikana wina wa ku Kambuzuma, ndipo anabwera kunyumba kolala ya yunifolomu italendewera. Ine ndikusoka kolalayo mtima uli phuphuphu, ndikukonza zoti mawa ndikalankhule ndi ahedi, iye ali pambali pangapa akufotokoza ndewuyo ndi manja, nkhope ili ngwee. Ndinazindikira mochedwa kuti kanali koyamba mwana wina kumukwiyira ngati mnzake wamba, osamugwira ngati dzira. Sabata yotsatira ankagawana maputi, chimanga chokazinga chija. Pano patha zaka zitatu ali limodzi.

Choncho ubwenziwo simungaupange ndinu. Chimene mungachite ndi kulambula njira, ndipo imayambira pa mawu amene mumagwiritsa ntchito panyumba panu. Mukamati "gonthi uja" kapena kutengera anzathu a Chishona n'kumati "mbeveve", mwana wanu akanena zomwezo pabwalo la sukulu. Ife amene tinakula tikutchedwa mabhurandaya, dzina lonyoza anthu ochokera ku Malawi, m'misewu ya Mufakose ndi Mbare sitifunika kuuzidwa mmene dzina lotere limapwetekera. Nenani kuti wosamva, ndipo koposa apo mutchuleni dzina lake. Anthu osamva ali ndi mwambo wopatsana mayina a m'manja, potengera maonekedwe kapena chizolowezi cha munthu. La mwana wanga ndi chala choloza mpata wa mano ake akutsogolo. La mnzake wa ku Kambuzuma ndi dzanja lokweza sokosi, poti masokosi ake sachedwa kugwera m'nsapato. Dzina lotere sudzipatsa wekha, amakupatsa ndi wosamvayo. Mwana wanu akadzabwera kunyumba n'kukuonetsani lake, dziwani kuti walandiridwa. Ndipo ngati kwanu kuli agogo amene amati kusamva n'kolodzedwa kapena n'kopatsirana, alankhuleni inu akuluakulu mwana asanamve.

Kenako muphunzitseni kaitanidwe, chifukwa apa ndi pamene ana ambiri amalakwira tsiku loyamba, n'kuchita manyazi, n'kusiyiratu. Amugunde pang'ono paphewa, kapena agwedeze dzanja pamene maso ake angaone. Ngati akhala pa desiki limodzi, amenye desikilo kamodzi kapena kawiri, kunjenjemerako kumafika. Asamuponyere kamwala, asamugwire chibwano n'kumutembenuza nkhope, asamudzidzimutse kumbuyo. Akayang'anizana, kuwala kukhale pankhope ya wolankhulayo. Ukaima dzuwa kapena windo lili kumbuyo kwako, wosamvayo amangoona chithunzithunzi chakuda. Asalankhule akutafuna, asatseke pakamwa ndi dzanja, ndipo asakuwe. Kukuwa kumapotoza milomo, komanso nkhope imaoneka yaukali.

Za kuwerenga milomo anthu amazikokomeza. Yesani nokha pagalasi: nenani "bowa" kenako "mowa" osatulutsa mawu. N'chimodzimodzi. Zilembo za b, p ndi m zimaoneka mofanana pamilomo, pamene k ndi g zimapangidwira mkati moti sizioneka n'komwe. Tsono mwana wathu amawerenga milomo ya Chichewa kunyumba, ya Chishona pabwalo, ya Chingerezi m'kalasi. Amafika madzulo mutu ukuwawa. Kachipangizo ka m'khutu nako sikabweza makutu. Kamakweza phokoso lonse pamodzi, mawu a aphunzitsi, mipando yokwekwesa pansi ndi hutala ya kombi panja. Mwana wanu akaona mnzake wakazimitsa, asaganize kuti wanyanyala. Akupumitsa mutu basi.

Ndiye palibe kuchitira mwina, aphunzire chinenero cha manja, ngakhale pang'ono. Sichinthu chongopeka ayi. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013, pa gawo 6, amatchula zinenero 16 zovomerezeka. Choyamba pamndandandawo ndi Chichewa chathuchi, ndipo chinenero cha manja chili momwemo. Ndimakonda kuwauza ana anga kuti m'nyumba mwathu timalankhula zinenero zinayi za m'malamulo. Dziwaninso kuti cha kuno sichifanana ndi cha ku Malawi. Tinapita kumudzi ku Dedza chaka china, mwana wanga anakumana ndi mnyamata wosamva, ndipo anayamba avutika kaye asanamvane. Muzisamalanso ndi makanema a pa YouTube, ambiri ndi a chinenero cha manja cha ku America. Kuno ku Harare kuli bungwe la Deaf Zimbabwe Trust, kuli sukulu ya ana osamva ya Emerald Hill, ndipo pa nkhani za pa wailesi ya kanema ya ZBC pamakhala womasulira pakona ya kanema. Koma mphunzitsi wabwino koposa ndi mnzakeyo. Mwana wanu aloze chinthu, afunse ndi nkhope, aphunzire chizindikiro chimodzi kapena ziwiri patsiku. Akalakwitsa amuseka, ndipo zimenezo n'zabwino, chifukwa apo wosamvayo ndiye katswiri, wakumvayo ndiye wophunzira.

Akuluakulu timathamangira kuphunzitsa "moni", "zikomo" ndi "pepani". Ana sacheza ndi mawu amenewo. Zizindikiro zimene zinamanga ubwenzi wa awiri aja ndi "wabodza iwe", "ndigawireko", "ndatopa" ndi "aphunzitsi akubwera". Anazigwiritsa ntchito moti aphunzitsi anawasiyanitsa mipando chifukwa cholongolola m'kalasi popanda phokoso. Kalata ya chidzudzulo imeneyo ndinaisunga mu kabati ya ulusi.

Tsopano chachikulu pa zonse, ndipo ngati muiwala zina musaiwale ichi. Gulu likaseka, mwana wosamva amafunsa kuti chachitika n'chiyani. Yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lakuti "palibe" kapena "ndikuuza nthawi ina." Nthawi inayo sifika. Ine ndemwe ndinkachita zimenezi pa mphasa tikudya nsima, mpaka tsiku lina anatenga mbale yake n'kukadyera kuseri kwa nyumba, nati kulibwino kudya ndi nkhuku chifukwa sizimubisira kanthu. Muuzeni mwana wanu kuti afotokoze, ngakhale nthabwalayo itazizira, ngakhale afupikitse, ngakhale alembe kumapeto kwa kope kapena pansi ndi kamtengo. Miseche ya m'kalasi, yakuti uje wagwa pa njinga, uje wakalipiridwa, ana akumva amangoitola m'mphepo osadziwa. Wosamva amailandira pokhapokha wina atamubweretsera, ndipo amene amamubweretsera ndiye bwenzi lake.

Masewera ambiri safuna kusintha. Phada, jingo ndi fulaye amaonekera ndi maso. Koma chenjerani ndi masewera amene amatha ndi mfuu. Tsiku lina ana a mumsewu mwathu ankasewera chibisalirano chakumadzulo. Mayi wina anaitana ana ake kukadya, wina anakuwa kuti masewera atha, onse n'kubalalika. Mdima utagwa tinayamba kumufuna. Ndinamupeza kuseri kwa thanki ya madzi ya aneba, atanjuta, udzudzu utamudya miyendo yonse, akumwetulira poganiza kuti wapambana. Nditamufotokozera kuti anzake anapita kalekale sanalire. Anangodzuka, kusasa diresi, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira pamenepo lamulo la mumsewu mwathu ndi lakuti masewera satha mpaka aliyense atagwidwa paphewa. Pa netibo, woimbira agwire nsalu yowala n'kumaikweza nthawi imene akuliza wezulo. Ndinasoka ziwiri kuchokera ku zidutswa za chitenje, sizinanditengere mphindi khumi.

Muitaneni kunyumba kwanu. Ambiri mumaopa kuti mulankhula naye bwanji, koma iye anazolowera anthu osadziwa manja kuposa mmene inu munazolowerera iye. Muitaneni masana. Magetsi akazima usiku, kwa inu ndi mdima chabe, kwa iye ndi kutsekedwa pakamwa ndi m'makutu nthawi imodzi. Ikani kandulo kapena tochi ya foni pakati, anthu akhale mozungulira kuti nkhope zizioneka, ndipo azilankhula mmodzimmodzi. Mukafuna kudziwa ngati akufuna tiyi, funsani iyeyo, osati mwana wanu ngati kuti mlendoyo palibe. Mutumeninso ntchito monga mumatumira ana ena, akatsuke mbale, akagule tomato pamsika. Akachita mwano mudzudzuleni. Popita kusukulu aziyenda mbali imene akuona magalimoto akubwera kutsogolo kwawo, poti madalaivala a kombi ndi a mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu tija, amakhulupirira kuti hutala imamveka kwa aliyense.

Akayambana, musalowererepo msanga, ndipo musamuuze mwana wanu kuti "ingomusiya, si mwana wabwinobwino." Mwana wanga ndi wamakani, amabera pa phada, ndipo masamu amawakhoza kuposa mnzakeyo moti ndiye amamuonetsa njira. Zinthu ziziyenda mbali zonse. Ngati mwana wanu amangopereka osalandira kanthu, mwabwerera kwa nesi uja. Musakhumudwenso mukaona kuti nthawi zina amasiya mwana wanu n'kupita kwa anzake osamva. Kumeneko amalankhula mothamanga osabwereza, ngati mmene ife timapumira tikakumana pa sosaite ya maliro n'kuyamba Chichewa chokhachokha.

Zimene ndalembazi ndi za mwana wosamva chifukwa ndi zimene ndimakhala nazo, koma mzere wake ndi womwewo kwa ena. Njinga ya wolumala siikankhidwa osapempha mwini wake. Kwa mwana wosaona, utchule dzina lako pofika ndipo unene pochoka. Ngati mnzawo ndi wachialubino, masewera asamukire pamthunzi onse pamodzi, osati iye yekha kukhala pansi pa mtengo akuonerera.

Ku msonkhano wa makolo, mawu anu inu amene ana anu ndi akumva amalemera kuposa anga, chifukwa ine amati ndikudandaulira wanga. Pemphani zinthu zosafuna ndalama: mwana wosamva akhale kutsogolo chakumbali kuti aziona aphunzitsi ndi anzake omwe, aphunzitsi asamalankhule atayang'ana bolodi, zilengezo za pa asembule zizilembedwa, ana azisinthana magulu kuti pasakhale mmodzi wosenza udindo chaka chonse. Pemphani kuti kalasi yonse iziphunzira zizindikiro zingapo Lachisanu lililonse, ndipo pa 23 September, tsiku la zinenero za manja padziko lonse, ana osamva atsogolere asembule. Wina akati izi n'zachilendo, gawo 83 la malamulo aja limanena za ufulu wa anthu aulumali, kuphatikizapo maphunziro ndi kutenga nawo mbali m'masewera ndi zisangalalo, ndipo boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya za ulumali mu 2021. Kusukulu ya Danhiko, ku Msasa kuno ku Harare, ana aulumali ndi opanda ulumali akhala akuphunzira pamodzi kwa zaka zambiri.

Tchuthi ndi nthawi imene maubwenzi otere amazirala, chifukwa kuimbirana foni sikutheka. Ngati muli ndi foni ya WhatsApp, abwerekeni kamodzi pa sabata kuti aonane pa vidiyo, foniyo itatsamira kapu kuti manja onse awiri akhale omasuka. Bandulo ikavuta, makalata amagwira ntchito. Mnzake wa ku Kambuzuma amapatsira amayi ake akamabwera kudzatenga zosoka, ndipo yankho limabwerera m'thumba la siketi imene ndapinda. Sindiwerenga. Ndinayesapo kamodzi, ndinapeza ajambula ine ndili pamakina, mimba itagunda tebulo.